Anawotcha mafayilo koma anasunga malisiti

Tsiku la pa 3 Malichi likamayandikira, m'tauni mumatuluka akatswiri a mbiri yakale ambiri kuposa ana asukulu owamvera. Chaka chino nkhani yomwe yavuta, kuyambira pa depoti ya minibasi ku Limbe mpaka pa mabawo a ku Ndirande, ndi ya ndalama zimene Angerezi analipira nkhalamba za ku Kenya zomwe anazizunza pa nthawi ya Mau Mau. Ndalamazo zinaperekedwa mu 2013, koma pa WhatsApp nkhani sikalamba. Wina akangoiponya m'gulu la mpingo, imabadwanso ngati yachitika dzulo madzulo.

Kondakitala wina wa minibasi ya Limbe–Blantyre atamva kuti zinali ndalama zokwana mapaundi 19.9 miliyoni, anaiwala kubweza chenje cha anthu. Funso lake loyamba linali loti tiwerengere pa reti iti, ya kubanki kapena ya anyamata oima m'mbali mwa msewu aja. Anali atagula kale minibasi zake zitatu m'mutu pamene mayi wina wa magalasi, wooneka kuti masamu ndiwo ntchito yake, anamudula. "Achimwene, ndalamazo zinali za anthu 5,228, ndipo maloya analinso momwemo. Aliyense anapita kwawo ndi mapaundi pafupifupi 2,600." Madala ena okhala kumbuyo anafunsa motsitsa mawu kuti, "Kumufula munthu ngati ng'ombe ya pa goli, mtengo wake ndi umenewo?" Minibasi inafika pa Chichiri muli zii.

Madalawo sankakokomeza. Kuyambira 1952 mpaka 1960, boma la atsamunda ku Kenya linatsekera Akikuyu ndi anzawo miyandamiyanda m'misasa, ndipo aliyense ankayenera kupanikizidwa ndi mafunso mpaka avomere kuti analumbira lumbiro la Mau Mau. Mafunsowo ankafunsidwa ndi zikoti, zibonga ndi moto. Anthu oposa 1,000 ananyongedwa, kuphatikizapo Dedan Kimathi mu 1957. Mwa nkhalamba zomwe zinakasuma ku London mu 2009, Paulo Nzili anafulidwa, Wambugu wa Nyingi anamenyedwa mpaka kumuyesa mtembo, ndipo zimene anachitidwa Jane Muthoni Mara ali mtsikana wa zaka 15 sizonena pa minibasi. Pamenepo palibe choseketsa. Chomwe chikuseketsa anthu m'tauni ndi mayankho a boma la Britain litafika kukhoti.

Kumalo ometera ena ku Ndirande, wometa anachita kuzimitsa makina kuti amve bwino. Yankho loyamba la Angerezi linali loti mlanduwo si wawo, chifukwa pamene Kenya inkalandira ufulu mu 1963 inalandiranso milandu yonse ya boma la atsamunda. "Bwana, bwerezani," anatero wometayo. "Ndiye kuti omenyedwawo akasumire boma lawo lomwe, lidzawalipire ndi misonkho yomwe adula iwo eni?" Woweruza McCombe naye sanakhutire, ndipo mu 2011 analamula kuti mlandu upitirire. Yankho lachiwiri linali loti papita nthawi yaitali, mboni zambiri zinamwalira, choncho mlandu sungazengedwe mwachilungamo. Onse odikira kumetedwa anayankhira pamodzi kuti mlandu suwola, ndipo mu Okutobala 2012 woweruzayo anagwirizana nawo. Panthawiyi n'kuti loya wa boma la Britain atavomera kale m'khoti kuti nkhalambazo zinazunzidwadi. Kuzunza anavomera, kulipira ndi kumene ankakana.

Nkhani inakoma kwenikweni pa bawo, pomwe pamakhala aphunzitsi ena opuma pantchito amene sangasiye chiganizo chopanda chaka chake. Iwo anafotokoza kuti atsamunda akamachoka m'dziko ankayamba asesa m'maofesi. Mu 1961 nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, Iain Macleod, inalamula kuti maboma atsopano asasiyiridwe pepala lililonse lomwe lingachititse manyazi boma la Mfumukazi, apolisi ake, asilikali ake kapena akazitape ake. Ntchitoyi ankaitcha Operation Legacy. Mapepala ena ankawotchedwa, ndipo malangizo ankati phulusa lake aliphwanyephwanye kuti wina asadzawerenge pa phulusapo. Ena ankawaika m'mabokosi olemera n'kukawamiza m'nyanja yakuya. Makalaliki achikuda sankaloledwa kuona mafayilo oterewa, ngakhale ankagwira ntchito mu ofesi yomweyo.

Apa aphunzitsiwo anaima kaye, anatola nkhomo zawo, kenako anaponya yomwe anasungira. Wowotcha aliyense ankayenera kulemba setifiketi yotsimikiza kuti wawotchadi, n'kuitumiza ku London. Pabawo panagwa phwete. Mnyamata wa kabaza amene anaima kuti aonerere masewero anafunsa ngati setifiketiyo inkakhala ndi chidindo. Munthu akuwononga umboni, koma mtima wake waukalaliki sukumulola kutero popanda kudzaza fomu. Ine ndikuona kuti ufumu wonse wa Angerezi uli m'kapepala kameneko: nkhanza zinkachitika, koma zinkayenera kukhala ndi nambala ya fayilo.

Ndipo si mapepala onse amene anapsa. Kwa zaka zambiri unduna wa zakunja wa Britain unkakana kuti uli ndi mapepala ena a ku Kenya. Akatswiri a mbiri yakale omwe ankathandiza nkhalambazo, David Anderson, Caroline Elkins ndi Huw Bennett, anakakamira kuti mapepala alipo, ndipo khoti litalamula kuti afufuze bwino, mu 2011 anapezeka. Anali ku Hanslope Park, malo a boma otchingidwa ndi waya ku Buckinghamshire: mafayilo pafupifupi 1,500 a ku Kenya, ndipo posakhalitsa boma linavomera kuti onse pamodzi alipo 8,800 ochokera m'maiko 37. Linati anangoiwalika. M'menemo munali kalata ya mu 1957 ya Eric Griffith-Jones, mlangizi wamkulu wa boma la Kenya pa zamalamulo, yolangiza bwanamkubwa Evelyn Baring za kamenyedwe ka akaidi ndi kunena kuti ngati achimwe, achimwe mwakachetechete. Kalata yolangiza kuchimwa mwakachetechete inatayipidwa, inasayinidwa, inasungidwa zaka zoposa 50.

Pabawo pomwepo pali ankolo ena amene anagwirapo ukalaliki m'boma, ndipo iwo amaona zinthu mwina. Akuti Mngerezi tingamunene zonse, koma fayilo sataya. Kwathu kuno, iwo akutero, palibe amene amavutika kukoleza moto kapena kufuna boti. Fayilo imangomera miyendo usiku wa tsiku loti mawa mlandu ulowe m'khoti, ndipo mlonda amalumbira kuti sanaone kanthu. Setifiketi ndiye musayembekezere. Anzawo anawadzudzula kuti akuyamikira atsamunda, koma palibe anawatsutsa pa za miyendozo.

Chomwe ambiri sankadziwa, ndipo chinachititsa ena kugwira pakamwa, ndi tsiku. Pa 3 Malichi 1959, ku msasa wa Hola ku Kenya, alonda anamenya akaidi okana kugwira ntchito mpaka 11 anafa. Chikalata choyamba cha boma chinaloza chala madzi omwe akaidiwo anamwa. Madokotala atayeza mitembo anapeza mabala a zibonga. Palibe amene anazengedwa mlandu pa imfazo. Msasawo anangousintha dzina kukhala Galole, ndipo Baring atachoka ku Kenya anamukweza kukhala Lord Howick. Tsiku lomwelo, pa 3 Malichi 1959, kuno ku Nyasaland bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti zinthu zavuta m'dziko, Dr. Banda anatengedwa mbandakucha kupita kundende ya Gwelo, ena anatsekeredwa ku Kanjedza, ndipo pa doko la Nkhata Bay asilikali anawombera anthu omwe anasonkhana kuti abale awo asatengedwe pa sitima ya Mpasa.

Ndiye mukhoza kuganiza mmene anaimirira bambo wina wa ku Nkhata Bay amene amagulitsa usipa mumsika wa Limbe. "Nanga ife? Magazi a Mtonga ndi madzi?" Lipoti la woweruza Patrick Devlin, yemwe boma la Britain lomwelo linamutuma kudzafufuza, linati pa dokopo panafa anthu 20 ndipo m'dziko lonse 51. Kwawoko amawerenga oposa 30, ndipo mu 2015 loya Ralph Mhone, yemwe panthawiyo anali phungu wa kumeneko, anatsogolera pempho loti mabanja a anthu 33 alandire chipukuta misozi. Devlin ananenanso kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndi kuti chiwembu chofuna kupha Azungu onse, chomwe boma linkadzitetezera nacho, sanachipeze monga ankachinenera. Boma la Harold Macmillan silinakondwe, ndipo linatulutsa yankho la Armitage lotsutsa zimenezo. Wausipayo zonsezi amazidziwa pamtima. "Ife tikudikirabe," akutero, uku akuyeza usipa pa mbale yobenthuka.

Amene akudikira ayenera kumva gawo la nkhaniyi lomwe silimayenda pa WhatsApp. Anthu 5,228 aja atalipidwa, Akenya ena pafupifupi 40,000 anakasumanso ku London. Mlanduwo unatenga zaka, ndipo mu 2018 khoti linautaya, ati nthawi yapitadi ndipo umboni wa munthu aliyense payekha ndi wosakwanira. Aphunzitsi aja atanena zimenezi, wina anafuna kubwereza zoti mlandu suwola, koma mawu anamuthera pakhosi. Pabwalo la mfumu suwoladi. Ku khoti la ku London umawola mboni ikangolowa m'manda isanalembe zomwe inaona.

Amayi a mu saluni ina ku Chirimba ali ndi nkhani yawoyawo, ya kupepesa. Polengeza za ndalamazo pa 6 Juni 2013, nduna William Hague inati boma likudandaula kwambiri kuti nkhanzazo zinachitika, koma silikuvomera kuti mlandu ndi wake. Mu Okutobala 2023 Mfumu Charles inapita ku Nairobi, inadya ndi Pulezidenti William Ruto, inati zomwe zinachitikazo ndi zonyansa, zomvetsa chisoni ndipo palibe chodzikhululukira nacho, n'kukhala pansi isanapepese. Mayi wina, mutu uli m'chowumitsira tsitsi, anati zoterezi amazidziwa bwino. Ndi mmene amalankhulira bambo a kunyumba akabwera mbandakucha: amamva chisoni kwambiri kuti nsima inazizira, koma za kumene anali, mufunse loya wawo. Saluni yonse inagwirizana kuti Mfumuyo inalangizidwa ndi amuna okhaokha.

Pamalo ena omwera tiyi, mnyamata wa kuyunivesite anafuna kuonetsa kuti amadziwa za kutali. Anati Angerezi ndi ana, akatswiri ndi Amerika. Mu Novembala 2005 mkulu wina wa CIA, Jose Rodriguez, analamula kuti matepi 92 a vidiyo awonongedwe, ojambulidwa pofunsa mafunso akaidi awiri m'ndende yachinsinsi ku Thailand, komwe ankawathira madzi kumaso mpaka kumva ngati akumira. Wofufuza John Durham anatseka nkhaniyo mu 2010 popanda woimbidwa mlandu, ndipo Gina Haspel, amene analemba uthenga wa lamulolo, anadzakhala mkulu wa CIA yonse mu 2018. Wogulitsa tiyi anafunsa ngati kumenekonso kunali setifiketi. Mnyamatayo anati kunali maimelo, ndipo ndi omwewo amene tikudziwira nkhaniyi.

Chodabwitsa n'chakuti pokamba za Kenya ndi Amerika anthu amakweza mawu mpaka woyenda mumsewu kumva. Koma madala wina atangotchula Mwanza, makosi anatembenuka kuyang'ana amene ali kumbuyo, ngati tikadali mu 1983. M'mwezi wa Meyi chaka chimenecho Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anafa, ndipo dziko linauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto pa msewu wa Thambani. Komiti yofufuza yomwe inakhazikitsidwa mu 1994 inapeza kuti anaphedwa ndi apolisi, ngoziyo inali yopeka. Mlandu unazengedwa, ndipo mu Disembala 1995 Dr. Banda ndi omwe anazengedwa nawo anapezeka osalakwa. Patangopita masiku, Dr. Banda anatulutsa mawu opepesa kwa onse amene anazunzidwa ndi anthu ochita zinthu m'dzina lake. Munthu yemwe anatsekeredwa ku Gwelo ndi lamulo lotsekera popanda mlandu anadzalisunga lamulo lotero atatenga boma, ndipo linadzaza ndende ya Mikuyu. Madalawo anati ngati tikufuna mapaundi a ku London, tiyambe tafunsana kuti athu mafayilo a ku Special Branch ali kuti. Wina anasintha nkhani n'kuyamba za Bullets ndi Wanderers.

Kondakitala uja akuti akufufuzabe ngati agogo ake analipo ku Kanjedza, ndipo wauza kale dalaivala kuti asamuzolowere. Inu amene muli ndi agogo enieni omwe anaona za Nkhata Bay, Kanjedza kapena Mikuyu, foni yanu imajambula mawu. Khalani nawo pansi, anene dzina, malo, chaka ndi amene anawagwira, ndipo mulembe. Mafayilo a Nyasaland omwe anali ku Hanslope Park tsopano ali ku National Archives ku Kew, mu London, pa nambala FCO 141, ndipo aliyense akhoza kukawawerenga. Ngati mwana wanu ali ku UK akusamalira nkhalamba za eni, muuzeni kuti tsiku lake la ofu likakwana akwere sitima apite ku Kew akatijambulire mapepalawo.