Tambala wa alamu anga ndi mabuku a pa yunivesite

Mkangano unayambira pa nsima, Lamulungu masana, kunyumba kwa alamu anga. Iwo anatema nsima, n'kuiumba bwinobwino m'dzanja, n'kuboola kadzenje ndi chala chachikulu, kenako n'kulengeza ngati ali pa guwa: "Ichi ndiye chakudya cha makolo. Chimanga Chauta anatipatsa pa Kaphirintiwa pomwe." Ine, ndi pakamwa panga posatsekapa, ndinati chimanga n'chobwera, kwawo ndi ku Mexico. Achemwali anga anaika chipande pansi n'kundiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse. Alamu anaikankha ndi kuseri kwa dzanja. "Za pa foni amalemba ndi ana osowa ntchito. Dzana lomweli foni yomweyo inandiuza kuti ndawina galimoto." Tinabetcherana basi. Iwo anaikapo tambala wawo wofiira, wa lipombo logwera kumbali, ine ndinaikapo wailesi yanga. Woweruza akhale buku, atero alamu, buku lenileni la chikuto cholimba, ndipo likhale la pa yunivesite, chifukwa kumeneko bodza salilola kulowa pageti.

Lachiwiri m'mawa ndinawapeza atavala suti ya paukwati wawo, zolembera zitatu zili ndondondo pathumba la pamtima. Munthu wa m'tauni sapita pamalo a ophunzira ngati akupita kuchigayo. Pakhomo la laibulale alonda anatiuza kuti zikwama zitsale panja, alamu n'kupereka jumbo yawo mwaulemu ndi manja awiri, ngakhale munalibe china koma ambulera yothyoka.

M'katimo ophunzira anali ataunjikana pomwe pali masoketi a magetsi ngati nkhuku pa madeya, aliyense akudyetsa foni yake. Mashelefu anali okhaokha, phee. Mnyamata wina foni yake inalira, iye n'kuyankha ndi mawu ofika mpaka nsanjika yapamwamba: "Ndili mu laibulale, sindingayankhule!" Kenako anatha mphindi zisanu akufotokoza chifukwa chimene sangayankhulire.

Pa desiki ya mafunso panali mayi wina wa magalasi, nkhope yake ya munthu amene waona zambiri ndipo anasiya kudabwa kalekale. Anandinong'oneza kuti ophunzira ake amafunsa zinthu ziwiri zokha, pasiwedi ya intaneti ndi mapepala a mayeso a chaka chatha. Mafunso enieni amachokera m'tauni, kwa anthu a pa bawo, a pa siteji ya minibasi, a m'malo ometera, ndi a kumowa amene mkangano wawo unakana kutha ndi botolo lomaliza. Tinakhala pa benchi kudikira, ndipo ndinaona ndekha.

Woyamba anali mnyamata wa kabaza, thukuta lidakali pamphumi. Moni sanadule ngakhale pang'ono. Anapereka wonse, wa kudzuka, wa kunyumba, wa ana, koma monong'ona, moti zinkamveka ngati akuulula machimo. Nkhani yake inali yakuti mnzake wa pa siteji akuti phiri la Zomba ndi lalitali kuposa la Mulanje, umboni wake ndi wakuti iye anakankhapo njinga pamenepo mpaka miyendo kunjenjemera. Amayiwo anatsegula buku la mapu: nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, pamene Zomba imangopitirira pang'ono mamita 2,000. Mnyamatayo analemba pa kapepala, n'kuima osachoka.

"Palinso china, achimwene?"

"Chidindo, amayi. Popanda chidindo anena kuti ndalemba ndekha panjira."

Amayiwo sanatsutse. Anatenga chidindo chokhacho chimene chinali pafupi, chija amadindira tsiku lobwezera mabuku, n'kumenya pa kapepalako. Mnyamatayo anatuluka akumwetulira, kutalika kwa phiri la Mulanje kuli m'thumba, koyenera kubwezedwa pakatha masabata awiri.

Kenako panabwera abambo awiri a mimba zofanana, osayang'anana. Mmodzi ankati Flames inagonjetsa Algeria ndi zigoli zitatu kwa duu, wina ankati zinali ziwiri, ndipo anaonera yekha. Amayiwo anawatengera ku nyuzipepala zakale zomangidwa m'mitolo. Pa 11 January 2010, ku Luanda, zigoli zitatu: Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka, Davi Banda. Woluza uja anawerenga kawiri, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse, kenako anaweramuka n'kukonza kolala. "Chachitatucho chinali ofusayidi," anatero, n'kutuluka patsogolo ngati wawina ndi iye.

Amene anandigwira mtima ndi mayi wina wachitsikana, mwana kumbuyo. Anafunsa chifukwa chimene anyezi amaliritsa munthu, pakuti apongozi ake akuti wolira podula anyezi ndiye kuti ali ndi nsanje mumtima. Anamufotokozera kuti mpeni ukang'amba anyezi, mumatuluka kampweya kokhala ndi safa, kamene kakafika m'maso kamayabwa, maso n'kutulutsa misozi kuti akatsuke. Mpeni wakuthwa umachepetsa vutoli, komanso kuyamba waika anyeziyo mufiriji.

"Firiji tili nayo," anatero mayiyo, "koma timasungiramo mbale. Magetsi ake ati? Ndiye mwati si nsanje?"

"Bukuli za nsanje silinatchule."

"Lembani choncho kuti si nsanje. Zampweyazo musiye, sakazimva."

Panalinso agogo ena a ndodo amene anafunsa chaka chimene ndalama ya kwacha inayamba. Amayiwo asanatsegule n'komwe buku, agogowo anayankha okha kuti 1971, pamene tinasiya mapaundi, ndipo makwacha awiri ankakwana paundi imodzi. Anali olondola. Iwo yankho anabwera nalo kuchokera kunyumba, chimene ankasowa ndi munthu wowamvera pamene akufotokoza zimene tambala imodzi inkagula masiku amenewo. Kunyumba adzukulu anatopa nazo. Apa anapeza munthu wolipidwa ndi yunivesite kuti asathawe pampando.

Nthawi yathu itakwana, alamu anaimirira, n'kumanga batani la jekete, n'kuyamba ndi mbiri ya banja lawo. Amayiwo anadikira mpaka afike pa chimanga, kenako anapita kumashelefu n'kubwera ndi buku lonenepa ngati njerwa ziwiri. Alamu ataona kukula kwake anandiyang'ana mondimvera chisoni.

Bukulo linati chimanga anayamba kuchilima ndi anthu a kummwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, kuchokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte, wa tinjere towerengeka tolimba ngati timiyala. Chinaoloka nyanja Columbus atafika ku America mu 1492, ndipo ku Africa chinabwera ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Chisanafike, makolo athu nsima ankaphika ya mapira, mawere ndi mchewere.

Alamu anakhala chete. Kenako anafunsa funso limene aliyense woluza amafunsa: "Analemba ndani bukuli?" Atauzidwa dzina lachizungu anagwedeza mutu ngati wapolisi amene wapeza katundu wakuba. Koma mtima sunawalole kusiyira pomwepo. Anaganiza zopulumutsako ndiwo.

"Chabwino. Nanga tomato?"

"Ku America komweko, bambo."

"Chinangwa?"

"Ku South America."

"Mtedza? Nsinjiro zathuzi?"

"Komweko."

Nyemba, mbatata, tsabola, maungu pamodzi ndi nkhwani wake, zonse zinapita kutsidya la nyanja chimodzichimodzi, alamu akuonerera ngati munthu amene akulandidwa katundu chifukwa cha ngongole. Amayiwo, mwina pofuna kuwatonthoza, anati khobwe ndi nzama n'zathu za mu Africa muno, chambo ndiye cha m'nyanja yathu yomweyi. Koma anaonjeza, mosafunsidwa, kuti ngakhale mawu akuti mbatata, kalata ndi nsapato tinabwereka kwa Apwitikizi, amene amati batata, carta ndi sapato. Alamu anayang'ana kumapazi kwawo. Anali atazipolisha m'mawa womwewo.

Ine apa n'kuti ndikuganiza kale za tambala, ngati ndimuotche kapena achemwali andiphikire ndi tomato wa ku America yemweyo. Ndipo kunyada n'kumene kunandipweteka, chifukwa ndinayankhula mokweza kuti, "Tiyeni alamu, nkhuku ija ikundidikira."

Maso a alamu anawala. Anatembenukira ku desiki pang'onopang'ono.

"Amayi, funso lomaliza. Nkhuku kwawo n'kuti?"

Amayiwo anatsegula buku lina. Nkhuku zonse zoweta zinachokera ku mbalame ya m'nkhalango za kummwera chakummawa kwa Asia. Ya kuno kwenikweni ndi nkhanga.

"Zikomo kwambiri," anatero alamu, akubweza cholembera pathumba. "Mwamva nokha, alamu. Ine ndinabetcha nkhuku yachikuda, ya lokolo. Buku lanu lomweli likuti nkhuku ya lokolo kulibe. Ndingakupatseni bwanji chinthu choti kulibe?"

Ndinayang'ana kwa amayi aja kuti aweruze. Iwo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti laibulale imayankha mafunso, milandu ndi kwa amfumu. Kumbuyo kwathu kunali kutaima kale bambo wina wofuna kudziwa ngati n'zoona kuti udzudzu woluma ndi waukazi wokha, chifukwa akufuna akawauze akazi awo. N'zoona, koma amayiwo anamulangiza kuti akaganize kaye asanakanene.

Panja alamu anatenga jumbo yawo kwa alonda, n'kundigulira chimanga chootcha pamsewu, chimodzi, tigawane. Anadya mbali yawo mwakachetechete, kenako anati chimanga cha ku Mexico sichingakome chonchi, ichi n'chathu.

Tambala uja adakalipo. Amalira folo koloko m'mawa uliwonse, ndipo achemwali akuti wanenepa. Alamu, ndikudziwa kuti magazini ino mumawerenga kwa ometa tsitsi. Nkhanga ndilandira, bola ifike Khirisimasi isanakwane.