Amwandionerapati a ku Area 47

Chigulireni galimoto ija ya mipando 7, alamu anga agwidwa ndi matenda achilendo: akonda mbiri ya dziko. Tsiku lina anatisonkhanitsa pabalaza n'kunena kuti ana akukula ngati nkhuku zachizungu, kwawo sakudziwa, za ku London ndiye amazitchula ngati anabadwirako. Choncho Loweruka tipite ku Dedza tikaone zojambula zamakedzana m'mapanga a Chongoni, tikatero titsetsereke Khwekhwerere mpaka ku Mua. Kunyamuka 6 koloko m'mawa, wochedwa atsala.

Tinatuluka pageti 10 itadutsa. Achemwali amafunafuna chitenje. Ali nacho chimodzi chapadera chimene chimatuluka m'sutikesi pakakhala maliro akumudzi kapena ulendo ngati uwu, ndipo akachivala amayenda mosamala ngati anyamula mazira m'chiuno.

Pa Chimbiya alamu anati tiime mphindi 5 zokha, tiwongole miyendo. Miyendoyo inawongokera pa chiwaya. Munthu amene ku shopu yam'tauni amangopereka khadi osaona n'komwe mtengo, apa anasanduka loya. Anakangana ndi mnyamata wowotcha nyama ya mbuzi, analawa nthuli zitatu "kuti amve ngati yapsa", kenako anafunsa basela. Achemwali nawo anali atagwira mayi wina wa tomato. "Mayi, ifetu ndi akonkuno, musationere galimoto." Mayiyo anayang'ana galimoto, anayang'ana magalasi akuda ali pamphumi, nawonjezera tomato mmodzi wophwanyika.

Njira yakumapanga alamu anati akuidziwa, ndipo ikawasokoneza foni ilipo. Titasiya tala, netiweki inatsanzika. Tinazungulira m'nkhalango ya paini mpaka tinadutsa mbuzi imodzimodziyo kawiri. Apo m'pamene anatsitsa galasi, theka lokha, n'kuitana mkulu wina amene amakankha njinga ya nkhuni.

"Aise, kumapanga n'kuti?"

Mkuluyo anaimika njinga, anavula chipewa, nati: "Tadzuka bwino bwana, kaya inu ndi amayi ndi ana kumeneko?"

M'galimoto munangoti zii. Moni amene sanaperekedwe anali atayankhidwa, ndipo alamu anayenera kuyambiranso ngati mwana wa Sitandade 1. Atatha zonse, mpaka za mvula ya chaka chino, mkuluyo analoza ndi milomo. "Si patali, m'pompa apa." Aliyense wobadwira m'dziko lino amadziwa kuti pompa apa wa munthu wa njinga ya nkhuni ndi ulendo wofunika kamba.

Tinafika ku Chentcherere dzuwa litapendeka. Kukwera kwake n'kochepa, koma alamu, mimba patsogolo, nsapato zosongoka zakuofesi, anaima katatu "kuti aone kukongola kwa malo". Mnyamata wina wa m'deralo amene anatiperekeza anayamba kufotokoza bwinobwino: kuti malo a zojambula zotere m'dera la Chongoni alipo 127, kuti UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kuti zojambula zofiira n'zakale kwambiri ndipo anazisiya Akafula, pamene zoyerazi anajambula Achewa ndi dothi loyera, zina za nyau, zina za chinamwali.

"Ee, ee, zimenezo tinaphunzira ku sekondale," anatero alamu, maso ali pafoni.

Kamtsikana kawo kanafunsa kuti chinamwali n'chiyani. Achemwali anatsokomola, nati ana aime apo ajambulidwe. Anaima, onse anayi, ndendende kutsogolo kwa zojambulazo. Zithunzi 30 zimene tinabwera nazo zikuonetsa mano, chitenje ndi magalasi. Za makolo zikungosuzumira kuseri kwa khutu la alamu.

Ine ndinachita chidwi ndi nkhani ya Akafula. Mnyamatayo anati anthuwa anali aafupi msinkhu koma osafuna kuuzidwa. Ukakumana naye m'tchire amakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pompano, wautsa mavu pachimera. Wanzeru amati, "Ndakuonerani kutali, muli kuphiri uko," ndipo amadutsa mwamtendere. N'chifukwa chake ena amawatcha Amwandionerapati. Anamaliza n'kunena kuti mtunduwo unazimiririka kalekale.

Asanatseke pakamwa, alamu anatambasula khosi kuyang'ana kumunsi kumene tinaimika galimoto.

"Iwe, kodi galimoto yangayo ikuoneka kuchokera kuno?"

Mnyamatayo sanaphethire n'komwe. "Bwana, imeneyo tinaionera kutali. Ngakhale munthu ali pamwamba pa phiri la Dedza akuiona."

Alamu anapisa m'thumba n'kumupatsa ndalama yoposa imene anakana kuwonjezera pa nyama ya mbuzi ija. Basela sanafunse.

Za ku Mua ndinene mwachidule, poti ulendo wake unalinso wachidule. Ndinali nditawauza ana kuti kumeneko kuli mishoni imene ansembe a White Fathers anayambitsa mu 1902, ndi malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anatsegula mu 1976, kumene kuli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Koma pa Bembeke panali mbatata ya kachewere, ndipo achemwali anati kubwera ku Dedza osagula kachewere n'kuchimwa. Matumba awiri analowa kumbuyo, kabichi pamiyendo ya ana, ine ndinapakata mapichesi. Galimoto inakhala pansi ngati bakha. Alamu anayang'ana matayala, anayang'ana dzuwa, anakumbukira makhotakhota a Khwekhwerere, nati Mua sathawa, wakhala pomwepo kuyambira 1902.

Usiku womwewo anaika zithunzi pa Facebook ndi mawu akuti Amalawi tiphunzire kuyendera dziko lathu. Mnzawo wina wakuntchito anafunsa kuti zojambulazo zikutanthauzanji. Alamu anandiimbira foni 11 koloko usiku.

"Alamu, paja anthu aafupi aja dzina lawo ndani?"