Walira Mvula Walira Matope: Bedi Laulere M'mbali mwa Phiri la Chipale

Amene anatisiyira mwambi wakuti "walira mvula walira matope" ankanena za mlimi wokhalira kuyang'ana kumwamba Okutobala yense, mvula n'kugwa, iye n'kuyamba kudandaula kuti njira yakumunda yaterera. Sankadziwa kuti kudzabwera mtundu wa anthu olira mvula yoyera, yozizira, yotchedwa chipale chofewa, amene amakwera ndege kukaifuna kumapiri a Colorado, Utah kapena Hokkaido kuti azikatsetsereka atamangirira timatabwa tiwiri kumapazi. Sankadziwanso kuti anthu amenewa adzakhala ndi ndalama yawoyawo yotchedwa mapointi, yosagwirika m'manja, koma yotha kudzutsa bambo wamkulu, wa digiri yake, pakati pa usiku kuti akasake chipinda pa intaneti. Komabe mwambiwo ukuwakwana bwinobwino. Chipinda "chaulere" m'hotela yomangidwa m'mphepete mwenimweni mwa njira ya ski ndi mvula yeniyeni, yokoma ndithu, koma matope ake amabwera tsiku lomwelo, ndipo amene anakonza dongosolo lonseli amadyera m'matopemo.

Mapointi sanagwe kumwamba. Kampani ya ndege ya American Airlines inayambitsa AAdvantage mu 1981, ndipo pofika 1983 a Holiday Inn ndi a Marriott anali atayamba kupatsa alendo awo mphotho zofananazo. Lero mayina akuluakulu ndi Marriott Bonvoy, imene inayamba kutchedwa choncho mu 2019, Hilton Honors, ndi World of Hyatt ya mu 2017. Ngakhale wogona ku Ryalls mu Blantyre amatola nawo za Bonvoy, popeza Marriott inagula mahotela a Protea mu 2014. Chimene ambiri safuna kumva ndi chakuti mapointiwa ndi malonda monga malonda ena onse. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka zitseko za mahotela, Hilton inagulitsiratu mapointi a madola 1 biliyoni ku American Express, ndipo Marriott inalandira madola 920 miliyoni kuchokera ku Chase ndi American Express pa mgwirizano wa makhadi ake. Banki siigula katundu wotere chifukwa cha chifundo. Imamwaza mapointiwo kwa eni makhadi a ngongole, n'kubweza ndalama yake kudzera m'chindapusa cha pachaka, m'kagawo kamene imadula kwa wamalonda aliyense khadi likadutsa pamakina, ndi m'chiwongoladzanja cha amene achedwa kulipira. Wotola mapointi pogona m'hotela nayenso awerenge bwino. Hyatt imapereka mapointi 5 pa dola iliyonse kwa membala wamba, ndipo pa mndandanda wa mitengo umene unayamba mu 2022, usiku umodzi m'mahotela apamwamba kwambiri pa nyengo ya piringupiringu unali mapointi 45,000. Ndiye kuti munthu amwaze madola 9,000 kuti apatsidwe usiku umodzi, n'kumauza anzake kuti wagona ulere.

Tisanamizane, mvulayo imakoma. Park Hyatt ya ku Beaver Creek, ku Colorado, ili pamalo poti munthu akatuluka pakhomo, chipale chili pamapazi pake ndipo chikepe chokwezera anthu kuphiri chili poteropo. M'mahotela amtundu umenewu muli anyamata ogwira ntchito imodzi yokha, yosunga timatabwa tanu ndi kukufunditsirani nsapato kuti phazi lisamve kuzizira m'mawa. Ku St. Regis ya ku Deer Valley, ku Utah, mlendo amafika pahotela atakwera kangolo koyenda panjanji yotsetsereka. Ku Beaver Creek kuli masitepe oyenda okha opita kuchipale, kuti munthu amene wabwera kudzachita masewera olimbitsa thupi asatope ndi kukwera masitepe, ndipo 3 koloko masana ophika ovala zoyera amatuluka ndi mabisiketi otentha a chokoleti n'kumagawira aliyense. Pa Khirisimasi chipinda chotere chimadutsa madola 1,000 usiku umodzi. Munthu akaona mtengo umenewo utafufutidwa, m'malo mwake mutalembedwa ziro, mtima umadumpha, ndipo sitingamuimbe mlandu.

Vuto ndi lakuti mapointi amalipira denga ndi pilo basi. Phiri lili ndi mwini wake wina. Beaver Creek, Vail ndi Park City ndi za kampani ya Vail Resorts, ndipo kampaniyo siidziwa kuti inu ndinu wolemekezeka kuhotela. M'nyengo ya 2024/25 tikiti ya tsiku limodzi yokwerera zikepe ku Vail inapitirira madola 300 pa masiku a tchuthi. Bambo, mayi ndi ana awiri osinkhuka asanadye kanthu, asanabwereke timatabwa, nsapato ndi zipewa zoteteza mutu, asanalipire mphunzitsi woti awaonetse kaimidwe, ndalama imene ankanyadira kuti apulumutsa pa chipinda yapita kale pawindo la matikiti. Wochenjera adzati njira ilipo, ndiyo Epic Pass, tikiti ya nyengo yonse imene inayamba mu 2008 pa madola 579. Zoona, koma lero mtengo wake wadutsa madola 1,000, ndipo imagulidwa miyezi yambiri chipale chisanagwe n'kamodzi komwe. Apa ndiye nzeru ya kampani yaonekera poyera: kale chaka chikauma, wolira anali mwini phiri, koma tsopano wolira ndi mlendo amene analipiriratu. Onjezani ndege, galimoto yobwereka, maola awiri kapena kuposerapo pamsewu wa I-70 kuchokera ku Denver ngati msewuwo sunatsekedwe ndi chipale chomwe mukuchifunacho, ndi jekete limene mudzavala mlungu umodzi pachaka.

Ndiye pali timphatso ta mamembala okhulupirika, timene tili ngati banyira wa mumsika: mayi wa tomato amakuwonjezerani kamodzi pamwamba mutagula mulu wonse, ndipo amasankha yekha kakuwonjezeraniko. Kuti munthu akhale Platinum ku Marriott ayenera kugona masiku 50 pachaka, ndipo kuti akhale Globalist ku Hyatt, masiku 60. Pali anthu, akuluakulu ndithu, amene Disembala ikafika ataperewera masiku atatu, amakalipira chipinda m'hotela yotchipa ya m'tauni yawo yomwe, kutenga kiyi, kukhwinyata nsalu zapabedi pang'ono, n'kubwerera kukagona kunyumba. Akafika kuphiri ndi ulemu wawo wovutikira umenewu amakumana ndi timalemba ting'onoting'ono. Kadzutsa waulere wa Platinum sagwira ntchito m'mahotela a Ritz-Carlton, kuphatikizapo ya Bachelor Gulch imene ili paphiri lomwelo la Beaver Creek. Lonjezo lotuluka m'chipinda 4 koloko madzulo limasanduka "ngati malo alipo" m'mahotela atchuthi. Chipinda chachikulu chokwezeredwa nachonso chimadalira kuti chikhale chopanda munthu, ndipo pa sabata ya Chaka Chatsopano, pamene hotela yonse yadzaza ndi ma Platinum anzanu, aliyense atanyamula foni yoonetsa udindo wake, chipinda chopanda munthu ndi chosungiramo matsache chokha. Ku Marriott, resort fee imalipidwabe ngakhale mwagona pa mapointi. Imeneyi ndi ndalama ya tsiku lililonse yolipirira zinthu zimene munkaganiza kuti ndi mbali ya hotela, monga intaneti ndi chipinda cholimbitsiramo thupi, ndipo inakwiyitsa anthu mpaka bungwe la boma la America la Federal Trade Commission linalamula kuti kuyambira Meyi 2025 mtengo wonse uzionetsedwa poyambirira.

Nanga chipindacho chimapezeka liti? Mu Malichi 2022 Marriott inachotsa mndandanda wake wa mitengo yokhazikika, kotero kuti mapointi ofunika amakwera ndi kutsika motsata kuchuluka kwa ofuna malo. Hyatt inayamba mwezi womwewo kusiyanitsa masiku odula ndi otchipa. Zotsatira zake n'zosavuta kulosera. Pamene chipale chili chambiri ndipo ana ali patchuthi, chipinda cha mapointi chimakhala chodula kapena chinatengedwa kale ndi amene anadzuka usiku chaka chatha. Chimapezeka mosavuta, pa mtengo wosangalatsa, kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, chipale chikusungunuka, zikepe zitaima, malesitilanti ena atatseka, njira zonse za m'phiri zili thope lokhalokha. Apa mwambi suchitanso kufuna womasulira. Palinso nyambo ina yokoma kwambiri, ya usiku wachisanu waulere, imene Marriott imapereka kwa olipira ndi mapointi, ndipo Hilton imapereka kwa mamembala a Silver kupita m'mwamba. Munthu amene ankafuna masiku atatu amadzipeza akusungitsa asanu poopa kutaya mphatso, osawerengera kuti masiku awiri owonjezerawo ali ndi matikiti awo, nkhomaliro zawo ndi mabondo awo otupa.

Pali ena otsutsa maganizo amenewa, ndipo woyamba ali ndi mfundo yomveka. Iye akuti mapointi ake anawatola pa maulendo a ntchito amene abwana analipira, akanapanda kuwagwiritsa ntchito akanangowola, ndipo Hyatt ndi Hilton salipiritsa resort fee kwa wogona pa mapointi okhaokha, pamene Globalist amapatsidwanso kadzutsa ndi malo oimika galimoto. Zonsezi n'zoona, ndipo kwa banja limene limapita ku ski chaka ndi chaka, lili kale ndi zovala ndi tikiti ya nyengo yonse, mapointi amachotsadi katundu wolemera pamutu. Mwambi uja sunaletse munthu kulira mvula, ndipo mlimi amene ali ndi mbewu m'manja matope samuopsa. Koma funso loyenera kufunsa ndi lakuti chinayamba n'chiyani, ulendo kapena mapointi? Ngati ulendo unalipo kale, mapointi athandiza. Ngati ulendo wabadwa chifukwa chakuti m'akaunti munali nambala yaikulu yoyabwa, ndiye kuti munthu wawononga madola masauzande angapo amene akanakhala m'thumba, pofuna kupulumutsa ndalama imene sakanaiwononga n'komwe. Okonda masamu a mapointi amagawa mtengo wa chipinda ndi chiwerengero cha mapointi, n'kulengeza monyadira kuti pointi iliyonse yawabweretsera masenti angapo. Masamuwo amayenda pokhapokha tikavomereza kuti munthuyo akanatulutsadi madola 1,000 a m'thumba mwake pa usiku umodzi. Ambiri mwa iwo akanagona kumunsi kwa chigwa, m'tauni ya Avon, n'kukwera basi m'mawa, ndipo mtengo umenewo ndi umene uyenera kulowa m'masamu.

Wotsutsa wachiwiri salankhula za ndalama. Iye akuti kugona pakhomo pa phiri kumagula chinthu chimene ndalama siyeza bwino: osanyamula timatabwa ta ana atatu pamalo oimika magalimoto oterera, osadikira basi m'chisanu, mwana akatopa masana n'kungolowa naye m'chipinda. Ndikuvomereza, ndipo pa zifukwa zonse zogonera m'mahotela amenewa, ichi ndiye cholimba. Kungoti kuyandikira kumeneku kuli ndi mbali yake ina. Munthu amene safunika kuchoka paphiri ndi munthunso amene sangachoke mosavuta, ndipo wogulitsa supu ndi khofi pamalopo amadziwa zimenezi kuposa mlendo. Komanso phiri lenilenilo silinasainire nawo mgwirizano wa mamembala. Mudzi wa Beaver Creek uli pamtunda wopitirira mamita 2,400, kumene mpweya ndi wochepa moti wobwera kuchokera kumalo otsika amatha kugona usiku woyamba mutu ukuwawa, ali maso, pabedi laulere lija. Mphepo ikakula zikepe zimaima kwa Globalist ndi kwa wamba mofanana. Kumapeto kwa Disembala 2024 alonda a chitetezo cha paphiri ku Park City ananyanyala ntchito kwa pafupifupi milungu iwiri pofuna malipiro abwino, mbali yaikulu ya phiri inakhala yotseka, ndipo alendo amene anasunga mapointi kwa zaka anaima pamizere italiitali, akuonera hotela yawo yokongola chapafupi pomwepo. Nkhani imeneyo inakumbutsanso anthu kuti amene amaphulitsa zigumukire za chipale m'bandakucha ndi kunyamula othyoka miyendo nthawi zambiri sangakwanitse lendi m'tauni imene akugwiramo ntchito, pamene mlendo akukangana ndi wapakauntala za dzira la kadzutsa.

Tsiku lonyamuka, pepala la bilu limafika ndi mzere woyamba wosangalatsa, wa chipinda, pamene palembedwa ziro. Mizere yotsatira ndi ya chakudya chamadzulo, vinyo wothetsa ululu wa m'chiuno, kusisita minofu, ndi magolovesi ogulidwa mwadzidzidzi m'sitolo ya pansi chifukwa limodzi linagwa pachikepe. Pa ndalama zoterezi zolipiridwa kuhotela, kampani imathokoza mwaulemu pokupatsani mapointi atsopano. Sakwana usiku umodzi, mwina sakwana ngakhale theka lake, koma ndi ochuluka moti kuwataya kumapweteka. Ndipo malamulo a Marriott, Hilton ndi Hyatt amanena kuti akaunti ya membala wamba ikakhala miyezi 24 osagwedezeka, mapointi amafufutika, kotero mlendo asanafike n'komwe pabwalo la ndege la Denver, bondo lili lomanga, amakhala atatsegula kale foni kuona masiku a Febuluwale wa chaka chamawa.