Tayala Lalikulu Lipatsidwe Ulemu Wake

Amakaniko amalinena tayala lalikulu ngati mfiti ya m'mudzi, chonsecho ndi lomwelo limene limawalipirira lendi ya garaja. Kusayamika kotereku kuyenera kutha. Mlandu umene amalipatsa ndi wakuti limapha giyabokisi ya otomatiki pa galimoto zoyenda m'matope ndi m'miyala. Koma tikaunika bwino, tayalali silipha kanthu, limangothetsa ulesi. Giyabokisi ya otomatiki idaleredwa mosasatitsa: mainjiniya adaiyezera chilichonse, kukula kwa tayala, magiya a mu difu, kulemera kwa galimoto, kuti izingosintha magiya mosatuluka thukuta mpaka kukalamba. Moyo wotere suumba khalidwe. Pamafunika wina wolimba mtima woti aisonyeze kuti dziko ndi lowawa, ndipo ntchito imeneyi tayala lalikulu limaigwira mosanyinyirika.

Tione umboni pa Jeep Wrangler, galimoto imene eni ake ku America sagona tulo mpaka ataisintha nsapato. Ma Wrangler a otomatiki a zaka za 2007 mpaka 2011 anali ndi magiya anayi okha opita kutsogolo, ndipo ambiri ankatuluka ndi matayala a mainchi pafupifupi 32. Mwini wake akaikapo a mainchi 35, tayala limayenda mtunda wochulukirapo ndi pafupifupi 9 pa 100 aliwonse likazungulira kamodzi. Ngati difu inali ya 3.73, tsopano imakoka ngati ya 3.41. Aliyense amene adaonapo wakabaza akukwera chitunda, tcheni chili pa giya yothamangira, kumbuyo atanyamula thumba la chimanga, akudziwa mmene mitsempha ya m'khosi imatupira. Injini ndi giyabokisi zimakhala pa sukulu yomweyo tsiku lililonse, pa msewu wathyathyathya womwe, ndipo tayala lomwelo, polemera kuposa lakale, limawonjezera phunziro ponyamuka ndi poima pomwe.

Apa ndi pamene giyabokisi imayamba kuonetsa luso limene idali kubisa. Kale inkalowa giya yomaliza n'kugona. Tsopano ikalowa giya yachinayi imapeza kuti injini yafooka, imabwerera pa yachitatu, injini imakuwa, imakweranso pa yachinayi, n'kutsikanso, kachitunda kakang'ono kokha kusinthasintha kangapo. Onyoza amati giyabokisi yasokonezeka mutu. Ayi ndithu, ikulingalira, ndipo kulingalira sikunakhalepo tchimo. Pakati pa injini ndi giyabokisi pali torque converter, imene imapatsira mphamvu kudzera mu oyilo. Galimoto ikafika pa liwiro labwino, kilatchi ya m'kati mwake imayenera kugwira kuti oyilo apume. Tayala lalikulu limachititsa kuti kilatchiyo izigwira mochedwa kapena izitayataya, choncho oyilo amangotakasidwa, ndipo oyilo wotakasidwa amatentha. Amene anali wofiira ndi wonyezimira pa kandodo koyezera amasanduka wakuda, n'kumanunkha ngati mphira wopsa. Ameneyo ndi oyilo amene wagwira ntchito, osati uja wongoyendayenda m'mapaipi kudikira tsiku lomusintha.

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu, ndipo zonse zikomera tayala. Yoyamba, amati spidomita imayamba kunama: ikamaonetsa 100 galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi makilomita 109 pa ola, ndipo kompyuta ya giyabokisi, poti imawerenga liwiro lolakwika, imasintha magiya pa nthawi yolakwika. Koma bodza lochepetsa ndi kudzichepetsa, khalidwe limene likusowa masiku ano. Ngakhale makilomita amene galimoto yayenda amalembedwa ochepa, moti pogulitsa imaoneka yocheperako zaka. Yachiwiri, amati mafuta amatha msanga ndipo mabuleki amadyeka. Zoona, koma ndalama yosungidwa m'thumba sithandiza aliyense, pamene iyi ikudyetsa wogulitsa mafuta, wogulitsa masipeya, wokoka galimoto zofera pa msewu ndi ana a makaniko. Yachitatu ndi imene amaiona ngati nkhonya yomaliza: amati phindu lake ndi lochepa. Tayala likakula ndi mainchi atatu, difu imakwera ndi theka lake lokha, masentimita osakwana anayi, zala ziwiri. Koma apa ndi pamene pali ulemerero. Kuwononga giyabokisi chifukwa cha mita yathunthu ndi malonda wamba. Kuipereka nsembe chifukwa cha zala ziwiri ndi chikondi.

Pali anthu ena amene amafuna kulanda tayala ulemu wake mwa njira yaukathyali. Amasintha magiya a mu difu n'kuika a 4.56 kapena 4.88 kuti injini isamafooke, amaika karadiyeta kena koziziritsa oyilo wa giyabokisi, amauza kompyuta kukula kwenikweni kwa tayala, ndipo amasintha oyilo pafupipafupi. Chomvetsa chisoni n'chakuti njira zimenezi zimagwiradi ntchito. Ngakhale kampani ya Jeep idagwa m'tchimo lomweli: mu 2021, itayamba kugulitsa Wrangler ya matayala a mainchi 35 yotchedwa Xtreme Recon, idaikamo magiya a 4.56 mu difu. Ku Iceland, kumene matayala akuluakulu amafunikadi kuti galimoto isamire m'chipale chofewa, nakonso amasintha magiya. Anthu amenewa amapeza kutalika kwa galimoto popanda kuvutika, ndipo giyabokisi yawo imabwerera ku ulesi wake wakale, osaphunzira kanthu.

Wolemekezadi tayala lalikulu ndi uja amene amathera ndalama zonse pa matayala anayi, difu osaikhudza, kompyuta osaiuza, kenako n'kumayenda pa tala tsiku ndi tsiku pakati pa nyumba ndi ofesi, matayala akung'ung'udza kuti anthu atembenuke. Munthu ameneyu asanyozedwe. Tsiku limene giyabokisi yake idzakane kulowa giya, adzadziwa mtengo wa torque converter, mtengo wa makilatchi, mtengo wa oyilo ndi mtengo wa kukokedwa, zonse pa lisiti limodzi. Ndi aphunzitsi angati amene amaphunzitsa zambiri chonchi m'tsiku limodzi, wophunzira osaiwala mpaka kalekale?