Mmene mungathawire labu yakale n'kukafunsira yatsopano

Chaka chathunthu mwakhala mukudyetsa mbozi masamba a chimanga mu labu ya a Pulofesa anu, ndipo mwatopa. Lero mwaona chikalata pakhoma: labu ya udzudzu ikufuna wophunzira woti azithandiza pa kafukufuku. Mtima wagunda. Khalani pansi, ine ndine nkhoswe wa maukwati otere, ndipo aliyense amene anatsatira malangizo anga anabwerako chimanjamanja mosavuta.

Choyamba, musatsanzike. Paja mapulofesa sadziwana. Samwera tiyi m'chipinda chimodzi, sakumana pa misonkhano ya dipatimenti, ndipo alibe nambala za foni za anzawo. Bwana watsopano sangaganize n'komwe zogogoda pa chitseko choyandikana nacho kukafunsa kuti, "Kodi mwana uja ndi wotani?" Muzipita kwakale m'mawa, kwatsopano masana. Amene anati mapanga awiri avumbwitsa analibe ambulera.

Chachiwiri, musawerenge chilichonse chimene labu yatsopanoyo idasindikiza. Udzudzu mukuudziwa kale, si uja unakulumani dzulo? Akafunsa kuti wofalitsa malungo ndi uti, musavutike kunena kuti ndi waukazi wa mtundu wa Anopheles. Yankhani kuti ndi wausiku. Akafotokoza kuti Anopheles gambiae ndi Anopheles arabiensis amafanana ngati mapasa moti amawasiyanitsa ndi PCR, auzeni kuti inu munabadwa ndi maso akuthwa.

Chachitatu, konzani CV. Ngati munaimapo pafupi ndi makina a PCR, lembani kuti ndinu katswiri. Kary Mullis analandira mphoto ya Nobel mu 1993 chifukwa cha njirayi, ndiye n'chinthu choti munthu angachidziwe posuzumira pawindo. Zoti chaka chonsecho munkafika pa nthawi yake, kutsuka mabotolo, kuphika zida mu autoclave pa madigiri 121 ndi kulemba zonse m'buku la labu, zibiseni. Ndi bwana uti angafune munthu wodalirika?

Tsopano tafika pa mutu wa mlandu. Adzakuyang'anani m'maso n'kufunsa kuti, "N'chifukwa chiyani mukuchoka kumene muli?" Apa masulani thumba lonse. Nenani kuti a Pulofesa sayankha maimelo, kuti wophunzira wa masters amakutumani ngati mwana wa m'nyumba, kuti kafukufuku wa mbozi ndi wogonetsa tulo. Mukhoza kuyerekezanso kayendedwe ka a Pulofesawo. Bwana watsopano adzamvetsera akugwedeza mutu, monga apongozi amamvera mkamwini akunyoza mudzi umene wachokako, uku akuwerengera mumtima kuti chaka chamawa nkhani idzakhala ya iwowo.

Pali yankho lina loopsa limene muyenera kulipewa: "Kumene ndili ndaphunzira kuweta tizilombo ndi kusunga mawerengero, koma funso limene likundisowetsa tulo ndi la malungo. A Pulofesa ndawauza kale, ndipo ndimaliza kaye zimene anandipatsa." Yankho limeneli ndi lalifupi, silinyoza munthu, ndipo likhoza kukugwetserani m'ntchito.

Mukafuna mboni, tchulani Rosalind Franklin, amene mu 1953 anachoka ku King's College London kupita ku Birkbeck. Koma musanene zoti anasenza luso lake la X-ray n'kukaligwiritsa ntchito mwakhama pa kachilombo kogwira fodya ka tobacco mosaic. Zimenezo zingawachititse kufunsa kuti nanga inu mwasenza chiyani. Ingonenani kuti nanunso ndinu munthu wanzeru amene dziko silikumumvetsa.

Akafunsa za nthawi, lonjezani maola 40 pa sabata ngakhale muli ndi makosi 6. Mphutsi za udzudzu zimafuna chakudya tsiku lililonse, sizidziwa Lamlungu kapena sabata ya mayeso, koma matope amenewo mudzawaona mvula ikagwa. Akati, "Muli ndi funso?" musafunse kuti adzakuphunzitsani ntchito ndani, kapena kuti mwezi woyamba muzidzachita chiyani. Funsani za alawansi, kenako mufunse kuti dzina lanu lidzakhala loyamba kapena lachiwiri pa pepala limene simunayambe n'komwe.

Pomaliza, bwana watsopano adzamwetulira n'kunena kuti, "Chabwino, mutibweretsere kalata ya umboni yochokera kwa a Pulofesa anu." Musanjenjemere. Vulani jekete, bwererani ku chitseko chakale chija, mugogode mwaulemu ndi manja awiri. Podutsa kumunda muthyoleko masamba a chimanga anthete. M'chipinda chonsecho, mbozi zokha ndizo sizinamve zimene munanena.