Mausiku atatu, zilembo 6

Nyumba yanga sinalawepo penti chiyambire 2015, koma ine yemweyo ndachezera mausiku atatu kulimbana ndi mitundu ya pa kompyuta. Mayi a kunyumba akuti nkhaniyi adzaikamba pamaliro anga.

Zinayamba ndi matama. Ndimalembera mu Vim, pulogalamu imene Bram Moolenaar anatulutsa mu 1991, ija anthu amalowamo n'kusowa potulukira. Nditangodziwa kuti khomo lake ndi :q, ndinayamba kuyenda monyang'wa. Ndinatsegula .vimrc, fayilo yosunga malamulo onse, n'kusankha mitundu ya desert, n'kuikanso lightline kuti kamzere ka m'munsi kaziwala ngati minibasi yatsopano. Kenako ulesi unandipatsa nzeru: ndinalemba autocmd yoti ndikangoseva .vimrc, Vim aziiwerenganso yekha.

Ndaseva. Kamzere kaja kangoti mbuu, ngati miyendo ya mwana wosadzola mafuta m'mwezi wa Juni. Kutseka Vim n'kutsegulanso, mitundu yabwerera. Kusevanso, mbuu.

Woyamba kuimbidwa mlandu anali sikirini. Ndinaipukuta ndi chitenje cha mayi cha kutchalitchi (umenewo ndi mlandu wina, sunathebe). Usiku wachiwiri ndinasintha syntax on kukhala syntax enable, poti woyambayo amatha kufufuta mitundu imene munthu wadziikira wekha. N'zoona ndithu, koma kumeneko kunali kumwa mankhwala a malungo mutu ukuwawa ndi njala.

"Bambo a Chisomo," anatero mayi cha m'ma 2 koloko usiku, "ngati m'kompyutamo muli mkazi wina, mumuuze abwere adzathandizeko kuchapa."

Tsiku lachinayi ndinameza manyazi n'kuitana mwana wa mlongo wanga, kamnyamata kamene ndinakaphunzitsa ndekha kugwira mausi. Sanakhale n'komwe pansi.

"Malume, mzere wa colorscheme uwu ukawerengedwa, umayamba wasesa kaye ndi hi clear, mitundu yonse pansi. Lightline imadikira kuuzidwa kuti ipakenso yake. Koma Vim salola autocmd kudzutsa autocmd inzake pokhapokha mutamuuza. Ndiye uthenga sukufika."

Ndinagwedeza mutu mwaulemu wa mkulu amene wamva theka. Iye analemba nested patsogolo pa source. Basi. Kuseva, kamzere kali waliwali.

"Komanso malume, autocmd yanuyi simunaitsekere mu augroup yokhala ndi autocmd! pamwamba, ndiye mukaseva imabereka inzake. Zaswana ngati mbira."

Ndinamuuza kuti zimenezo ndinaziona kale, kungoti ndimafuna kumuyesa. Anavomera, n'kupempha ya thiransipoti, ngakhale amakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu.

Atatuluka, mayi anasuzumira pa sikirini n'kuyamikira kuti mitunduyo yakhaladi bwino, ndipo sanadziwe kuti anakwatiwa ndi munthu wodziwa penti chonchi. Ndinamwetulira. Anandipatsa bulashi.

"Mawa ndi Loweruka. Chitini chili kuseri kwa chitseko, muyambire kukhitchini."