Wamisala anaona nkhondo, ngakhale pa makina a khofi

Akale ankati wamisala anaona nkhondo. Munthu amene mudzi wonse unkamuseka anabwera tsiku lina akuthamanga, wefuwefu, n'kunena kuti adani ali kuseri kwa phiri. Anthu anangoti, "Wayambanso uja," n'kupitiriza kumwa thobwa lawo. Zimene zinatsatira sitinazimve bwino chifukwa ofotokoza anatsala ochepa.

Masiku ano wamisala uja anasamukira kukhitchini za anthu a ndalama pang'ono. Amakhala pa kagalasi ka manambala, patsogolo pa makina ophikira espresso, khofi wa ku Italy amene amadzaza theka la kakapu koma mtengo wake kumzinda umalimbana ndi wa nsima ya nkhuku. Ntchito ya kagalasika ndi imodzi: kunena kutentha kwa madzi. Espresso imafuna madzi a pakati pa madigiri 90 ndi 96, ambiri amakonda 93, ndipo amakankhidwa ndi mphamvu ya mabala 9 kudutsa mu ufa wa khofi kwa masekondi 25 mpaka 30. Madzi akazizira, khofi amawawasa. Akatentha mopitirira, amawawa. Ndiye mwini makina amadzuka m'mawa, asanapatse moni aliyense m'nyumba, n'kupita kukafunsa kagalasi kuti kagona bwanji.

Tsiku lina kagalasiko kamayamba zake. Kalemba 93, kenaka 41, kenaka 150, kenaka timizere tosawerengeka. Apa eni makina amagawikana pawiri. Ena amachita ngati anthu a m'mudzi muja: amamata kapepala pa kagalasiko n'kumati, "Kamatero kameneka." Ena amajijirika, kuyamba kufunsa mtengo wa makina atsopano, mayi a m'nyumba akuwayang'ana ndi diso lija limene limakumbutsa munthu kuti sukulu fizi sinalipiridwe.

Choyamba, achimwene, onani ngati wamisalayo sakungoyankhula chizungu cha ku America. Makina ambiri amatha kuwerenga mwa Celsius kapena mwa Fahrenheit, ndipo 200 ya Fahrenheit ndi 93 yomwe ija. Mwana akadinadina mabatani, mudzaona 200 n'kuthawira panja poganiza kuti nyumba iphulika, pamene madziwo ali bwinobwino. Palinso nkhani yoti kachipangizo koyeza kutentha, kotchedwa sensa, kamakhala pa boyila, osati pamene madzi amakumana ndi khofi. Madzi amataya kutentha panjira, choncho makina ambiri amachotsera madigiri angapo asanalembe nambala. Nambala yochotserayo ikasokonekera, kagalasi kamanama tsiku lililonse ndi bodza lofanana, mokhulupirika.

Koma tiyeni tifike pamene mwambi wathu ukuluma. Pa makina okhala ndi kaubongo kotchedwa PID, sensa imene imauza kagalasi nambala ndi yomweyo imene imauza makina nthawi yoyatsa ndi kuzimitsa chotenthetsera madzi. Wamisala wa m'mudzi ankangofuula. Uyu anapatsidwanso makiyi. Sensa ikamanena kuti madzi ndi ozizira pamene atentha kale, makina amapitirizabe kutenthetsa mpaka sensayo itakhutira. Ndiye kagalasi kamalemba 93 yoyera bwino, yaulemu, yosagwedezeka, pamene pansi pakutuluka madzi osakanikirana ndi nthunzi, akuchita phokoso la fwaa. Wamisala woopsa ndi ameneyu, wovala tayi ndi kupesa tsitsi. Uja wodumphadumpha manambala ndi m'bale wanu, chifukwa akukuuzani poyera kuti china chake chalakwika, ndipo kawirikawiri chimakhala chinthu chotchipa: waya wa sensa wakhwefuka, polumikizira pachita dzimbiri chifukwa cha chinyezi, kapena sensayo yatopa. Sensa zambiri za m'makina a m'nyumba ndi kanthu kakang'ono kamene kamasintha mmene kamalolera magetsi kudutsa malinga ndi kutentha. Waya wake ukaduka, makina amalemba nambala yosatheka kapena chizindikiro cha vuto, ndipo ambiri amakana kutenthetsa.

Mdani wina ndi zoyerayera zija zimene madzi amasiya pansi pa ketulo, makamaka madzi a pamjigo. Zikakuta sensa, imamva kutentha mochedwa, n'kumanena nkhani za dzulo.

Nanga mudziwa bwanji amene akunama? Amayi athu sankafuna kagalasi kuti adziwe ngati madzi a nsima afunda. Ankadonthetsa pang'ono kuseri kwa dzanja ndi mthiko n'kuthira ufa. Musayese zimenezo pa madzi a madigiri 93. Pezani mboni yachiwiri, themometa ya kukhitchini. Koma nayonso iyambe yaweruzidwa. Iviikeni m'madzi owira, ndipo kumbukirani kuti madzi amawira pa 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere basi. Ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wa mamita opitirira 1,000, amawira cha pa 96 kapena 97. Ku Johannesburg, cha pa 94. Themometa ikalemba 96 mu ketulo ya ku Area 47, musaitaye, ikunena zoona. Kenaka siyani makina atenthe mokwanira. Amene ali ndi mutu wolemera wamkuwa wa mtundu wa E61, umene kampani ya Faema inatulutsa mu 1961, amafuna pafupifupi theka la ola. Tsirani madzi a m'makinawo mu kapu yotenthetsa kale n'kuyeza msanga. Nambala idzatsika pang'ono kuposa ya pa kagalasi chifukwa madzi amazizira akangotuluka, koma siyenera kutsika ndi madigiri 20.

Mboni yachitatu muli nayo m'kamwa. Ngati khofi wa ku Misuku amene dzulo ankakoma lero akuwawa pamene simunasinthe kagayidwe kake kapena muyeso wake, lilime lanu laona nkhondo. Angelo Moriondo wa ku Turin, amene analembetsa makina ake a khofi mu 1884, analibe kagalasi ka manambala, ndipo anthu a ku Italy anamwa khofi zaka zambirimbiri popanda kudziwa kuti akusowa 93.

Sindikunena kuti mutsegule makinawo ndi mpeni wa tomato. M'kati muli magetsi a mavoti 230 ndi madzi otentha otsekeredwa, zinthu ziwiri zosadziwa kuti inu ndi bwana kuntchito. Muli kafyuzi koteteza kamene kamaduka makina akatentha mopitirira, ndipo kakaduka, musalole mmisiri wa changu kulumikiza waya molambalala kuti "zingoyenda kaye". Kafyuziko ndi komwe kanatsala kakumvera wamisala m'nyumba mwanu.

Ngati manambala akudumpha, kapena akulemba 93 pamene pansi pakutuluka nthunzi, zimitsani makinawo, zulani pulagi, dikirani azizire, muwatengere kwa mmisiri wodziwa kuyeza sensa ndi mita. Kusintha sensa kumatchipa kwambiri poyerekeza ndi kugula boyila yatsopano. Podikira, imwani tiyi.